Mwana Wanga Pansi pa Valimba

Ndinakwatiwa pa mitala osadziwa. Mkazi wamkulu ndinamupeza kale pakhomo, ali ndi nyumba yakeyake yofolera bwino kuposa yanga, ndipo mkazi ameneyo anali valimba.

Kwa inu amene simunaionepo, valimba ndi matabwa ambirimbiri oyalidwa pa chithandala chachitali ngati bedi, pansi pake pakulendewera zipanda, zing'onozing'ono kumutu, zikuluzikulu kumiyendo. Amuna atatu amakhala moizungulira nkumaimenya ndi timitengo ta mphira kunsonga, wachinayi ali pa kang'oma, ife akazi tili ndi nkhocho m'manja, zitini za timiyala zija, kuvina ndi kuvomera nyimbo. Limeneli ndilo linali gulu la oimba la m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Bangula. Gulu lotchuka kwabasi. Kuyambira pa chigayo mpaka pa dooko la mabwato panalibe wosalidziwa, ndipo kupitirira pamenepo panalibe wolidziwa.

Mkulu wa gulu anali amalume a mwamuna wanga, msodzi wa milamba, Msena weniweni wa mawu oitanira mnzake ali kutsidya kwa dambo. Kunong'ona sanaphunzire chibadwire. Ine ndinkawatcha baba. Iwo ankamenya kumutu, kotetemera kuja, telala wa pa sitolo pakati, mwamuna wanga kumiyendo, ku magunte, kumene kuli mawu aakulu. Pa kang'oma panali wina wodula nzimbe ku esiteti, amene ankabwera akaweruka Loweruka manja ali matuza okhaokha. Ankaimba pa maliro, pa ukwati, pa sadaka, ndipo malipiro awo anali mutu wa mbuzi ndi mowa wotsala. Akabwerako, nkhani yake sabata yathunthu, ngati akuchokera ku Ulaya.

Tsono malamulo ake abale! Chipanda chilichonse chili ndi kabowo m'mbali, ndipo pa kabowopo amamatapo mvema, kachikwa koyera kamene kangaude amamata pakhoma posunga mazira ake. Kameneko ndiko kamachititsa kuti valimba izilira vuuu, ngati njuchi zalowa m'mimba mwa ng'ombe. Ndiye akangaude a m'nyumba mwanga anali olemekezeka kuposa ine. Ndikatenga tsache kuloza pakhoma, mwamuna wanga ankadzuka ngati waponda moto. Anzanga akuzira nyumba zawo, ine yanga ili mbuu, nkumati ndakwatiwa ndi woimba.

Lamulo lalikulu linali la kutentha. Kwathu munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi timati ndi wotentha, amene sanatero ndi wozizira. Baba ankati valimba ndi yozizira ngati khanda, wotentha akaiyandikira mvema umaphulika, chipanda nkusiya kulira. Ndiye gulu likaitanidwa kwinakwake, amuna onse anayi ankasiyana mphasa ndi akazi awo kufikira atabwerako, ndipo poimba baba ankajambula mzere pa dothi ndi chala chakuphazi, kuzungulira valimba yonse. Wolumpha mzere umenewo ankatukwanidwa ndi makolo ake omwe. Ine ndinkaseka. Ndinkati matabwa a mlombwa akusungidwa mwambo kuposa namwali.

Ndinasiya kuseka mwana wanga woyamba atapita. Anapita asanamere dzino. Anatupa masaya, anatupa timiyendo, amayi akuluakulu anati ndi tsempho, wina wotentha anamunyamula asanatengedwe. Kuchipatala ananena zawo. Ine sindinatsutse aliyense, ndinangobwerako ku manda msana uli wopepuka, mabere akutuluka mkaka wopanda woyamwa.

Ndiye wachiwiri atabadwa, mwamuna, ndinasanduka nkhuku ya anapiye. Mwana wakhanda amakhala wozizira kufikira tsiku limene bambo ndi mayi ake amutengera kumphasa, mwambo uja wowalola kubwereranso pamodzi, ndipo tsikulo lisanafike sakhudzidwa ndi wotentha aliyense. Bambo ake akazembera kwina, ndiye basi, amupha. Ine maso anga anali pa dzanja lililonse. Wina akati tiyeni timuone mlendo, ine ndati wagona. Akati wadzukatu, ine ndati akuyamwa. Kuchitsime ndinkapita anthu atabalalika. Kutchalitchi ndinasiya, chifukwa kumeneko Lamlungu m'mawa aliyense amaoneka wozizira.

Mwana asanakwane miyezi iwiri, kunabwera anyamata a malaya ofiira, achipani aja, ndi ndodo zawo. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo chinkatikonda kwambiri moti sichinkatha kusangalala ife palibe. Anati kuboma ku Nsanje kukubwera nduna, valimba ikaimbe, amayi onse akavine, lole ibwera kudzatitenga. Amuna a gulu anangoti mano poyera. Telala anayamba kusoka malaya ofanana tsiku lomwelo, nsalu inamuthera pa wachitatu, wa kang'oma anauzidwa kuti azikhala kumbuyo.

Ine ndinapita kwa amayi apampando, amene ankatsogolera amayi a chipani m'dera lathu. Mayi wonenepa, woyera, wa duku lomanga ngati chisa cha nang'omba. Amuna awo anali ku Joni, ku migodi, zaka zingapo osabwera, koma pa mpanda wawo m'mawa uliwonse pankatsamira njinga ya kalaliki wa ku msika wa thonje. Mwina njingayo inkangokonda mpandawo. Ndinagwada patali, mwana nditamufungata.

"Amayi, ine ndili ndi chikuta, mwana sanatengedwe."

"Ndiye?"

"Ndimati kapena nditsale."

"Utsale? Mwanayo si tinamudulira khadi la chipani ali m'mimba? Ndi membala ameneyo, wamkulu kuposa iwe. Tabwera naye ndimuone."

Anatambasula manja. Ndinati wachita chimbudzi amayi, angakudetsereni chitenje, ndipo ndinabwerera chafutambuyo ngati nkhanu.

Kutsala kunalibe. Wotsala ankafunsidwa kuti akudana ndi yani, ndipo Shire anali pafupi, ng'ona zake masiku amenewo zinkanenepa popanda wofunsa chimene zadya.

Tsiku litafika valimba inakwera lole koyamba, anaiyalira matumba, anaifunditsa bulangete la mwamuna wanga, ife tinadzaza motsalamo chiimirire. Ine ndinadzipanikiza pakona, nkhope kuchitsulo, mwana pamimba, zigongono kunja. Lole ikadumpha, amayi onse amandigwera, ine nkumangowerenga m'mutu kuti uyu amuna ake alipo, uyu ndi wamasiye, uyu kaya. Mwezi wa Okutobala, dzuwa la kwathu lija loti dzira ukhoza kuphikira pa mchenga.

Tafika pa bwalo la mpira, anthu mbwee, mbendera petupetu, nsanja yofolera masamba a mgwalangwa, mipando ili yopanda anthu. Amayi apampando anatiika pa mzere nayamba kutiyendera ngati akugula mbuzi. Tonse tinali titavala nsalu ya chipani, ija ya nkhope ya mwini dziko, ina pamimba, ina kumsana. Atafika pa ine anaima.

"Ana onse pansi pa mtengo wa nimu uko. Palibe wovina ndi mwana kumbuyo."

Wina anafunsa chifukwa, wolimba mtima.

"Ufuna matako a mwana wako akhale pa nkhope ya mwini dziko, nduna ikuona?"

Palibe anafunanso chifukwa china.

Ndinayang'ana pansi pa nimu. Ana ali ngundangunda pa mphasa, ena akukwawa, ena akulira, owayang'anira atsikana a kuboma ndi amayi ena osawadziwa, ovala ndolo, opaka milomo. Mwana akalira, woyandikira amangotola, kumugwedeza, kumupatsira mnzake. Dzanja ndi dzanja. Ndinaona timiyendo ta woyamba uja m'maso mwanga, totupa, tonyezimira.

Ndinayang'ana uku, anyamata a malaya ofiira. Uku, nsanja. Uku, nimu. Kenaka ndinaona baba atawerama pakati pa bwalo, akukoka chala chakuphazi pa dothi, kujambula mzere wawo uja. Pa bwalo lonselo, pa anthu onsewo, malo ozizira anali amodzi okha, ndipo anali a mkazi mnzanga.

Ndinathamanga, ndinagwada kunja kwa mzere.

"Baba."

"Choka, usaponde."

"Baba, mwana agone pansi pa valimba."

"Nkhabe!" Ndiko kukana kwa Chisena kumeneko, kopanda khomo lakuseri. "Wapenga iwe? Ukuona ngati ndi khola?"

"Baba, munati pano pamafika wozizira yekha."

"Ndinatero."

"Nanga pa bwalo lino wozizira kuposa uyu ndani? Ngakhale inu, baba, munayamba mwatenthapo."

Telala anaseka mpaka kutsamwa. Mwamuna wanga anangoti maso pansi, kumakonza mphira wa kamtengo kake, wosawonongeka. Mwamuna wanga anali wolimba mtima kwambiri pa matabwa. Baba anandiyang'ana, anayang'ana mwana, anayang'ana ku nimu kuja, anafwenthera kumbali.

"Muike kwa bambo ake uko, ku zipanda zikuluzikulu, kuli mthunzi. Koma akakhudza chipanda changa, ndikaitanitsa mbuzi zathu za malowolo kwanu."

"Takhuta, baba," ndinathokoza m'Chisena chawo.

Ndinayala thumba, ndinamugoneka chagada. Ndi kutentha kwa dzuwa kuja ndinamuvula zonse, anangotsala ndi kachingwe ka mankhwala m'chiuno. Zipanda zinali lendelende pamwamba pake, iye akuziyang'ana ngati mabere ambirimbiri. Za phokoso sindinade nkhawa, mwana ameneyo magunte anayamba kuwamva ali m'mimba.

Nduna inabwera pa nthawi ya nduna. Tinaimba nyimbo zoilandira ilibe kufika, tinazibwereza, makosi anauma, amayi awiri anakomoka nawakokera kumbali kuti asaononge mzere. Ine ndinkazemba, kugwada pa mzere wa baba, mwamuna wanga kundipatsira mwana, kuyamwitsa, kubwezera. Kenaka fumbi kumsewu, magalimoto, nthungululu. Anayankhula wapampando wa nthambi, anayankhula wa dera, anayankhula wa boma, aliyense kuthokoza mvula, misewu ndi mtendere, ife kuwomba m'manja pa mtendere mwamphamvu chifukwa anyamata aja ankayang'ana manja.

Ndiye inafika nthawi ya valimba.

Ndinene zoona, ngakhale ndinali ndi nsanje ndi matabwa amenewo: tsiku limenelo anaimba. Baba kumutu ngati mvula pa malata, telala akuluka pakati, magunte a mwamuna wanga akulowa m'mapazi nkutulukira m'chifuwa. Ife tinapanga bwalo lalikulu kuzungulira, nkhocho tsetsetse, chiuno, phazi, chiuno. Ine thupi linali kuvina, maso ali pansi pa valimba. Ndikazungulira kufika kumiyendo ndimaona kaphazi kakupalasa, mtima pansi. Ndikafika kumutu sindikuona kanthu, mtima m'mwamba. Kuzungulira, kaphazi. Kuzungulira, kaphazi.

Kenaka chipanda chachikulu chinafa.

Munthu wa kuboma sakanamva. Nduna sinamve, inali kugwedeza mutu, kapu m'manja. Koma ine ndagona ndi kudzuka ndi mawu amenewo. Pamene pankayenera kulira vuuu panangomveka gu, gu, ngati wina akugogoda chitseko cha nyumba yopanda anthu. Thabwa lomalizira, la mwamuna wanga, pamwamba penipeni pa mwana wanga.

Ndinaona baba akudzutsa mutu. Manja akumenyabe, koma maso ali pa mwamuna wanga, tong'o, maso ofunsa kuti unagona kuti. Telala anayang'ananso komweko. Wa kang'oma naye. Mwamuna wanga thukuta kamukamu, kumenyanso thabwalo mwamphamvu, gu, gu.

Mayo ine. Zonse zinabwera pamodzi. Dzana lake mwamuna wanga anapita ku Bangula kukagulitsa nsomba za amalume ake, anabwera mochedwa, anabwera akununkhira sopo, sopo wa m'sitolo, munthu wochokera ku nsomba, ndipo ine ndinamva fungolo ndinangoti kaya, ndipo lero lomwe lino ndi manja omwewo wakhala akundipatsira mwana, kumunyamula, kumubwezera, kumunyamula, ndipo mvema sunama, baba anati mvema sunama, ine ndinkaseka koma taonani waphulika, ndipo mwana ali pansi pomwepo, ndipo kaphazi kaja sindikukaonanso.

Kutuluka mu mzere nduna ikuonerera kunali kudzitemera nkhuni za pa maliro ako. Ndinkadziwa. Miyendo sinafunse. Ndinangozindikira ndagwa pa mawondo pakati pa bwalo, ndikukwawa kuloza ku valimba, nkhocho zili m'manja ndikuzigwedezabe, chifukwa dzanja linaiwala kuleka. Mnyamata wina wa malaya ofiira anadza chothamanga ndodo m'mwamba, koma nduna inawomba m'manja. Inaona ngati ndi kavinidwe ka kwathu, ka ulemu, ka amayi a kuchigwa. Mnyamata anaima, ndodo ili m'mwamba, nayamba kuivinitsa.

Ndinalumpha mzere wa baba, ndinalowetsa mutu pansi pa matabwa, phokoso lili ngati ndalowa m'ng'oma. Mwana ali gone, maso ali mwaa, akuyamwa chibakera. Pamimba pake ponyowa. Thumba lonyowa. Chipanda chachikulu chikudontha, dontho, dontho, ndipo mvema uli lende pa kabowo ngati khungu la pa mkaka. Munthu wamwamuna atagona chagada, wopanda thewera. Analunjika bwino kuposa bambo ake.

Ndinaseka, ndinalira, zonse pakamodzi, mamina ndi fumbi. Ndinamugwira masaya, ndinamugwira timiyendo, ndinamununkhiza. Ndipo ndisanatulutse mutu, ndinaona mapazi awiri onenepa mu nsapato za pulasitiki ataima pa mzere.

Anali amayi apampando. Nkhope ikumwetulira kuloza ku nsanja, mawu akutuluka m'mano.

"Iwe galu iwe. Wandichititsa manyazi pamaso pa nduna. Tulutsa mwanayo, undipatse kuno, ubwerere mu mzere msanga."

Anawerama pang'ono, manja awiri kutsogolo, zibangili ngwerengwere. Ndikawapatsa, ndapha mwana. Ndikakana, anthu onsewa akuona, ndakana chipani. Ndinayang'ana mwamuna wanga, iye anayang'ana thabwa.

Nyimbo inathera pomwepo. Baba anamenya komaliza, bwalo lonse linati zii, kudikira kuwomba m'manja, ndipo mu zii mmenemo baba anatambasula kamtengo kawo kutchinga pa mzere. Musaganize kuti ankateteza mdzukulu. Iwo anaona phazi lachilendo pafupi ndi valimba yawo, chipanda chimodzi chitafa kale. Anayesa kunena mwaulemu, motsitsa, koma ndanena kale, munthu wa mawu a kudambo.

"Pepani mai, pano pamafika wozizira yekha. Koma inu palibe mlandu, amuna anu ali ku Joni. Ngati mwagona nokha, lowani, tengani mwanayo."

Anamva a ku nimu. Anamva ogulitsa nzimbe kumsewu. Amayi onse a mu mzere mitu yawo, popanda wouza mnzake, inatembenuka pang'onopang'ono kuloza ku benchi yachiwiri, pamene panakhala kalaliki wa thonje. Iye anayamba kufunafuna kanthu m'thumba la malaya.

Amayi apampando akanatha kulowa. Ndani akanawaletsa, mayi woti akaloza chala munthu amasowa? Koma nawonso anabadwira konkuno, anayamwa bere la kuchigwa. Ankadziwa kuti akamunyamula mwanayo nkutupa, mudzi wonse udzadziwa amene wamupha, ndipo iwo eni adzadziwa. Ndinaona manja aja akuima m'malere. Zala zinapindika. Anadzuka pang'onopang'ono, dzanja limodzi m'chiuno.

"Msana wanga," anatero. "Sindingathe kuwerama. Mtenge wekha mwana wakoyo, uchoke pamaso panga."

Nduna inafunsa kuti kwachitika chiyani, wina anainong'oneza kuti ndi mwambo wa valimba, inagwedeza mutu mwaulemu, ndipo poyankhula inati chipani chimalemekeza miyambo ya makolo. Tinawomba m'manja kwambiri.

Pobwerera lole inatiiwala, ife a valimba tokha. Amuna anasenza valimba pamapewa mpaka ku siteshoni ya sitima, ine pambuyo mwana ali kumsana, pa nkhope ya mwini dziko pomwe paja, nanga ndikanamuberekera chiyani. Baba anatukwana njira yonse. Osati amayi apampando, osati lole. Mkodzo.

Patapita masiku baba anaitanidwa ku ofesi ya chipani. Tinakhala pakhonde tsiku lonse osadya, kuyang'ana kumsewu, koma dzuwa likupendeka anatulukira, matuza m'manja, atatchetcha udzu kuzungulira ofesi yonse. Amayi apampando sanafune kuti nkhani ipite patali, chifukwa ikanapita patali ikanafunika kuifotokoza. Gulu lathu lotchuka silinaitanidwenso kuboma. Linabwerera ku maliro ndi ku mitu ya mbuzi, ndipo telala mpaka ukalamba wake ankauza aliyense womuyeza thalauza kuti iye anaimbirapo nduna.

Ine ndinakhala ndikuyang'ana timiyendo tija m'mawa uliwonse, kudina ndi chala, kuona ngati pakhala dzenje. Sipanakhale. Mwana tinamutengera kumphasa mwezi wotsatira, ndipo tsiku limenelo ndinamupereka kwa aliyense wodutsa pa msewu kuti amunyamule. Za sopo sindinafunse. Chipanda chinamuchitira umboni mwamuna wanga, mwana sanatupe, nanga ine ndine yani kuti ndizinunkhiza malaya a anthu.

Mlandu wa mvema unagwera ine. Mbuzi sanaitanitse, koma anagamula kuti khoma langa la kuchipinda ndi la valimba, ndisalizire, ndisalisese, mpaka akangaude abweze zimene mwana wanga anaononga. Anabweza chaka chomwecho, koma chigamulo sichinachotsedwe.

Mwanayo anakula, ali ndi ana ake, ndipo kuimba sadziwa ngakhale kuwomba m'manja motsatira anzake. Baba mpaka tsiku lawo lomwalira sanamulole kuyandikira valimba asanamuyang'ane kaye ngati wavala kabudula.